Geni ya ku Joni: yang'anani chidindo musanachoke pawindo

Achemwali, mwafunsa mmene geni yokaoda katundu ku Joni imayendera, komanso ngati n'zoona kuti pasipoti njosafunika bola mupeze transipota wodziwa njira. Wakuuzani zimenezoyo akufuna ndalama zanu basi.

Mukanyamuka pa Wenela ku Blantyre, pasipoti idindidwa pa Mwanza, Zobue, Cuchamano, Nyamapanda, ndiye pa Beitbridge mbali zonse ziwiri. Zidindo 6 popita, 6 pobwera, ndipo masamba sachedwa kutha. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku osapitirira 30 popanda viza, koma wa imigireshoni wapawindo akhoza kukulemberani ochepa, osanena kanthu, nkhope ili gwaa. Werengani tsiku limene walembalo muli pomwepo. Chiyambire 2014, ukapyola masiku salipiritsanso faini potuluka, amangokuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapyola masiku osaposa 30, zaka 5 ngati waposa pamenepo. Zaka 5 makasitomala akudikirani? Ndipo musayerekeze kupatsa kondakitala pasipoti kuti akakudindireni inu muli ku Joni. Chidindo chimaoneka bwinobwino papepala, koma ngati mukompyuta mulibe kuti munatuluka, mwagwidwa kale.

Ine kasitomu (msonkho wa katundu pa boda) sindiiopa, ndimalipira ndi malisiti anga m'manja, ngakhale ena amayang'ana lisiti lenileni n'kunena kuti labodza, n'kuika mtengo wa m'mutu mwawo kuti mulankhule za fanta. Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa ndi lole. Mabulangete, mapoto, nsapato, mpamba wonse ndi ngongole ya banki m'khonde pamwamba, zonse m'lole imodzi, dalaivala n'kunyamula anthu opanda mapepala panjira. Lole yotere ikagwidwa, katundu yense amasanduka umboni wa mlandu. Amakhala panja pa polisi, mvula ikumukhuthukira, makatoni akufewa, nsapato zikuchita nkhungu, inu mukungouzidwa kuti bwerani mawa. Amene amakuuzani zimenezo ndi omwe aja amatsegulira malole oterowo usiku akalandira kangachepe. Choncho gawani katundu pa magalimoto awiri, lembani nambala ya lole, ndipo dzina lanu likhale pa chikalata cha katundu, osati la transipota.

Nkhani ya anthu obisidwa m'malole si yoseweretsa. Mu 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ku Tete, lole itachokera kuno kwathu. Mu 2022 manda a anthu ambirimbiri anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. N'chifukwa chake zipata zachuluka mumsewu, ndipo amene timavutika ndi chipikisheni ndife a mapepala athu. Odutsa mozemba pa Limpopo amakumana ndi achifwamba otchedwa magumaguma, opulumuka ena amathera ku Lindela, malo osungirako ogwidwa opanda mapepala, kudikira basi yowabweza. Wina akakupemphani kuti mumutengereko mtsikana wokagwira ntchito zapakhomo, kanani ngakhale ali wachibale. Lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limafika zaka 14 kundende, 21 ngati ndi mwana.

Ngati mpamba ndi wochepa, Joni isiyeni kaye. Yambirani pa Mchinji kupita ku Chipata. Katundu wopangidwa m'maiko a bungwe la zamalonda la COMESA wosaposa madola 2,000, ngati ali pamndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana, salipira dyute, koma misonkho ina ngati VAT ilipo ndithu. Onani mndandandawo pa boda musanagule chilichonse.