Kodi Anthu Amene Timawamva Akuwomba M'manja M'zimbale za Funk ndi Soul-Jazz Analipodi?

Bambo wina amene amasonkhanitsa zimbale zakale wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: anamva kuti zimbale zina zimene zinalembedwa kuti zinajambulidwa pamaso pa anthu zinajambulidwa mu situdiyo, ndipo akufuna kudziwa ngati ayenera kuziona ngati zachinyengo.

Bambo, zimene munamvazo n'zoona, koma zimbale zoterezi sizifanana. Tiyambe ndi chimbale cha Cannonball Adderley, woyimba lipenga la saxophone, chotchedwa Mercy, Mercy, Mercy!, chimene pachikuto pake panalembedwa kuti chinajambulidwa ku The Club mumzinda wa Chicago. Zoona zake n'zakuti chinajambulidwa mu Okutobala 1966 mu situdiyo ya Capitol ku Hollywood, kumene David Axelrod, amene ankayang'anira ntchitoyo, anaitanitsa anthu n'kuwapatsa zakumwa kuti akhale omasuka ngati ali ku kalabu. Dzina la malo linali labodza, koma anthuwo analipodi, ndipo mukatchera khutu mumva kuti amafuula pamalo oyenera, pomwe Joe Zawinul wachedwetsa dala piyano yake yamagetsi, ndipo gulu lonse limawayankha. Ine chimbale chimenechi sindichitaya, chifukwa chimene ndimafuna m'nyimbo zotere, ndicho kuyankhana kwa oyimba ndi omvera, chilimo chonse.

Nkhani ya Sex Machine, chimbale cha James Brown cha 1970, imandivuta kwambiri. Mbali ina inajambulidwadi ku Bell Auditorium ku Augusta, Georgia, mu 1969, koma nyimbo zina, kuphatikizapo nyimbo yaitali imene inapatsa chimbalecho dzina, zinajambulidwa mu situdiyo ndipo phokoso la anthu linawonjezeredwa pambuyo pake. Besi ya Bootsy Collins ndi gitala ya mkulu wake Catfish, omwe ankayimba m'gulu la Brown, n'zokoma kwabasi, koma phokosolo silisintha chilichonse pa kayimbidwe kawo, chifukwa iwo sankalimva. Chimandipweteka n'chakuti James Brown yemweyu ndi amene mu 1962 analipira ndi ndalama zake kuti ajambule zoimba zake ku Apollo Theater ku Harlem, pamene Syd Nathan, mwini wa King Records, kampani imene inkatulutsa zimbale zake, anakana poganiza kuti chimbale chotere sichingayende malonda. Chinayenda, mpaka kufika pa nambala 2 pa mndandanda wa zimbale zoyenda malonda wa magazini ya Billboard. Ngati mukufuna kumva Brown ndi Bootsy ndi Catfish Collins ali pamaso pa anthu enieni, funani Love Power Peace, chojambulidwa ku Olympia mumzinda wa Paris mu Malichi 1971, ngakhale chinatuluka mu 1992.

Pofuna kusiyanitsa, musadalire chikuto. Mverani ngati anthu akufuula pakati pa nyimbo pomwe woyimba wachita chinthu chodabwitsa, kapena ngati phokoso lawo likungokwera ndi kutsika mofanana kumayambiriro ndi kumapeto kokha. Mveraninso kutalika kwa nyimbo ndi mmene woyimba ng'oma akuikokera. Pa Alive! cha Grant Green, chojambulidwa mu Ogasiti 1970 ku Cliché Lounge ku Newark, woyimba ng'oma Idris Muhammad amagwira kamvekedwe kamodzi kwa mphindi zambiri osakasiya, ndipo Green amabwereza mawu ochepa a gitala mobwerezabwereza chifukwa akuona kuti anthu m'chipindamo sanakhutire. Yambani ndi chimenechi, kenaka mubwerere ku Sex Machine, ndipo khutu lanu lidzazindikira lokha pamene phokosolo linamatidwa.