Tiulusi toyera m'lenzi ya malume: kodi yatha ntchito?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa owerenga wina wa ku Chilomoni. Akuti malume awo anawasiyira kamera ya Pentax Spotmatic ndi lenzi yake ya Super-Takumar 50mm f/1.4, ndipo zakhala m'chikwama chachikopa mu wadiropu kwa zaka zambiri. Atasuzumira m'kati aona tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude, galasi nalo likuoneka lachikasu. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndiitaye, kapena nditsegule ndipukute ndi sipiriti?"

Achimwene, musaitaye, komanso sikuludiraiva ija ibwezereni kaye m'dirowa. Mwatchula mavuto awiri osiyana, ndipo limodzi lokha ndilo lofuna changu.

Choyamba, chotsani lenziyo pa kamera, tsegulani aperture (kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi) mpaka pa f/1.4, pamene imatseguka yonse, lowani m'chipinda chamdima, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, chapambali pang'ono. Mudzaona fumbi lambiri moti mtima udzagunda, koma limenelo lisiyeni. Lenzi iliyonse imapuma mpweya mukamaizunguliza, ndipo timafumbi towerengeka sitioneka pa chithunzi.

Tiulusi tija ndi chuku, chomwe chija chimagwira nsapato ndi malamba nthawi ya dzinja. Ndi chamoyo. Njere zake zili paliponse mumpweya, zimangodikira mdima, kufunda ndi chinyezi chopitirira 70 peresenti kwa masiku angapo. Chakudya chimachipeza mu fumbi, mafuta a zala ndi girisi. Tsono taganizani za Blantyre wathu: mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka mu Juni ndi Julayi chiperoni n'kubwera, phiri la Ndirande osaoneka, zovala osauma pachingwe. Wadiropu yotsamira khoma lonyowa, m'katimo chikwama chachikopa chosunga chinyezi, ndiye kuti chuku mwachiyalira mphasa.

Kuipa kwake n'kwakuti chikakhalitsa chimatulutsa asidi amene amadya coating, kachikutiro kopyapyala kamene kamachepetsa kunyezimira pagalasi. Chikakhala chatsopano chimachoka ndithu. Chikadya kale, ngakhale mupukute bwanji, mizere yake imatsala mpaka kalekale. N'chifukwa chake ndikuti ichi musachizengereze. Komabe ngati chili m'mphepete mokha, kaijambulireni kaye muone. Kawirikawiri zithunzi zimatuluka bwino, kungoti mukaloza kumene kuli dzuwa zimayererako. Chuku cha pagalasi lakumbuyo ndicho chimaononga chithunzi kwambiri kuposa cha kutsogolo.

Za chikasu, pamenepo mwapeza mwayi wodabwitsa anzanu. Kampani ya Asahi ya ku Japan, imene inapanga lenzi yanuyi, m'zaka za m'ma 1960, inkasakaniza thorium m'galasi la malenzi ambiri a mtundu umenewu kuti lizipinda kuwala bwino. Thorium ndi mtundu wa chitsulo chimene chimatulutsa radiation (mphamvu yosaoneka ndi maso) yochepa, ndipo m'kupita kwa zaka imasandutsa galasi kukhala lachikasu. Si litsiro, choncho kupukuta n'kudzivutitsa chabe. Chimene chimachotsa ndi kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapezekanso m'dzuwa: ikani lenzi pansi pa nyali ya UV kapena pamene pakufika dzuwa la m'mawa kwa masiku angapo, nthawi zina masabata. Samalani ndi dzuwa la mu Okutobala, chifukwa kutentha kumasungunula girisi, ndipo lenzi imasonkhanitsa kuwala mpaka kupsereza katani. Kujambulira n'kosaopsa, koma galasilo musalipale kapena kuliswa. Ine pandekha chikasu chochepa ndimachisiya, chimakometsa khungu la munthu pa chithunzi.

Mukamaunika muja mwina mudzaonanso chifunga chofalikira galasi lonse, chopanda ulusi. Nthawi zambiri ndi girisi wakale amene anauluka ndi kutentha n'kukamatira pagalasi, makamaka pafupi ndi aperture. Girisi yemweyo akatsikira pa tizitsulo ta aperture timayamba kuchedwa kutseka, zithunzi n'kumawala mopyola. Malenzi a Helios 44-2 a ku Soviet Union amadziwika ndi girisi wotsikira pa tizitsulo timeneti. Kusiya kamera m'galimoto yotseka pa Ginnery Corner masana ndi njira yachidule yoyambitsira vutoli. Pali china chimene sichipukutika: magalasi ena amamatidwa awiriawiri, kale ankamata ndi Canada balsam, utomoni wa mtengo. Guluuyo akakalamba mumaona mitundu ya utawaleza kapena timathovu m'mphepete. Kukonza kwake n'kulekanitsa magalasi ndi kumatanso, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa lenziyo.

Nanga mutsegule nokha? Ngati ndi koyamba, lenzi ya malume si yophunzirirapo. Masikuluu a malenzi a ku Japan ndi a mtundu wa JIS, sikuludiraiva wamba wa Phillips amangowafafaniza mitu. Mphete zogwira galasi zimafuna sipanala yake yake, osati sizasi kapena mpeni wa kukhitchini. Galasi limodzi mukalibwezera chozondoka, chithunzi chonse chimasokonekera. Sipiriti wofiirira wa m'golosale ali ndi utoto umene umasiya mawanga; odziwa amagwiritsa ntchito isopropyl alcohol, ndipo pa chuku amathira hydrogen peroxide pang'ono. Mukapita nayo kwa wokonza, kaya ku Limbe kaya m'tauni, mufunseni ngati anatsegulapo lenzi ndipo akuonetseni zida zake. Kudziwa kukonza foni ndi luso lina.

Pakali pano ichotseni m'chikwama chija lero lomwe, chikwamacho chikhale kwina. Pezani kontena yapulasitiki yotseka bwino, yoonekera m'kati, muikemo lenzi pamodzi ndi silica gel, timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano. Timakhuta madzi, choncho muzitiumitsa kapena kusintha, makamaka m'dzinja. Mukapeza kachipangizo koyezera chinyezi, chizisewera pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ubwino wa njirayi sidalira magetsi. Ndipo muziijambulira, achimwene: lenzi imene imatuluka panja n'kuona kuwala sabata ndi sabata sigwidwa chuku msanga ngati yongogonekedwa. Lenzi ya M42 (yomangidwa pa kamera pozunguliza ngati sikuluu) ngati yanuyi imalowa pa kamera za masiku ano za mirrorless, zopanda kalirole m'kati, ndi adapta yotchipa.