Ndikonze chiyani nyumba ndisanaigulitse?

Mayi wina atilembera pa imelo kuti akufuna kugulitsa nyumba yawo ya zipinda zitatu chaka chisanathe. Ndalama zokonzetsera ali nazo, koma si zochuluka. Ena akuwauza kuti aphwasule khitchini aike yatsopano, ena akuti awonjezere chipinda chogona. Kumapeto kwa kalatayo atchulako kuti pa siling'i ya pabalaza pali banga lachikasu, ndipo penti ya m'munsi mwa khoma limodzi imangosupuka. Funso lawo ndi lakuti: ndalamayi ilowe pati kuti idzabwerere pogulitsa?

Mayi, yambani ndi banga lija ndi khoma lija. Khitchini idikire, ndipo chipinda chatsopano mwina chisamangidwe n'komwe.

Wogula akamazungulira m'nyumba amakhala akuwerengera chamumtima ndalama zimene adzawononge akadzalowamo. Akaona pamene madzi anadontha saganiza za msomali umodzi wosukusa. Amaganiza za denga lonse, ndipo pokambirana mtengo amachotsa ndalama ya denga lonse. Ngati akugula ndi ngongole ya kubanki, kumabweranso katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, amene amalemba zolakwika zoterezi mu lipoti lake. Koma khitchini yatsopano wogula sailipira mmene munailipirira inu, chifukwa makabati ndi mitundu yake munasankha mwa kukonda kwanu. Ntchito zikuluzikulu kawirikawiri sizibweza ndalama yonse imene yalowa. Zimene zimateteza mtengo ndi kuchotsa zinthu zomuopsa wogula.

Padenga, mmisiri akwere masana ndi kulowa pakati pa siling'i ndi malata. Pamene pakuoneka kuwala kwa dzuwa mpamene pamalowanso mvula. Dziwani kuti madzi amatsetsereka ndi thabwa asanagwe, choncho bowo likhoza kukhala mita imodzi kapena awiri kuchokera pamene pali banga. Malo okayikitsa ndi pa msana wa denga, pokumana madenga awiri, m'mbali mwa chumuni, ndi pa misomali kapena masikulu amene labala wake waphwanyika ndi dzuwa. Ali komweko abaye matabwa ndi sikuludiraiva. Thabwa lodyedwa ndi chiswe kapena lovunda limaboka mosavuta, ndipo lisinthidwe, osati kungolipaka mankhwala. Denga likasiya kudontha, banga lija lipakidwe kaye penti yoyambira yotsekereza mabanga. Mukangopaka penti yamadzi pamwamba pake, chikasucho chimatulukiranso pakangopita masiku ochepa.

Khoma losupuka penti ndi limene lifunika kulifatsira, chifukwa apa mpamene ambiri amataya ndalama kawiri. Choyamba dziwani kumene madzi akuchokera. Matani pulasitiki woonekera mkati, wa masentimita 30 mbali zonse, pakhomalo ndi tepi, osasiya mpata, mudikire masiku awiri. Madontho akakhala pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khoma. Akakhala pamwamba pake, ndi nthunzi ya m'chipindamo, ndipo mankhwala ake ndi kulowetsa mpweya. Kenaka tsekani mipopi yonse, werengani mita ya madzi, mudikire maola awiri ndi kuwerenganso. Nambala ikasuntha, pali paipi yotayira penapake.

Ngati si paipi, tulukani panja muone dothi. Pakati pa maziko ndi khoma pamayalidwa pulasitiki kapena phula lotchinga chinyontho, ndipo dothi la kunja liyenera kukhala mamilimita 150 kunsi kwa mzere umenewo. Zaka zikamapita anthu amathira dothi la maluwa kapena kuwaka khonde mpaka kukwirira mzerewo, chinyontho n'kupeza njira. Chinyontho chochokera pansi sichikwera kwambiri kuposa mita imodzi, ndipo chimasiya mchere woyera ngati ufa. Chotsani dothilo, konzani kuti madzi a mvula azitsetsereka kuchoka kukhoma, ndipo ngalande za m'mphepete mwa denga zisamakhuthulire madzi pamaziko. Mkati, pulasitala wowonongeka agumulidwe mpaka masentimita 30 pamwamba pa pamene chinyontho chalekezera. Njerwa ziume, kenaka aike pulasitala watsopano, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo inayi ya mchenga wosefa, ndi mankhwala oletsa madzi. Pulasitalayo apatsidwe masiku 28 asanapakidwe penti. Mmisiri wothamangira malipiro adzakuuzani kuti sabata imodzi yakwana. Musalole, chifukwa simenti yaiwisi imadya penti ndipo pentiyo idzatupa wogula asanabwere n'komwe.

Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, yosafika mamilimita 2, nthawi zambiri imakhala ya pulasitala chabe, ndipo imangofuna kuikula pang'ono ndi kuimata. Koma mng'alu wopitirira mamilimita 5, woyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, wooneka mkati ndi kunja komwe, umafuna injiniya. Kumata woterewu n'kuupaka penti ndi kubisa vuto, ndipo m'maiko ambiri wogula akhoza kukusumirani akadzazindikira kuti munkadziwa.

Magetsi ndi mipope musazidumphe ngakhale sizioneka. Mmisiri wa magetsi wa chiphaso ayeze ngati waya wopita kunthaka akugwira ntchito, ndiponso ngati pabokosi pali chozimitsa magetsi munthu akagwidwa, cha 30 mA. Masoketi osweka kapena akuda ndi kupsa asinthidwe. Mipopi yodontha imangofuna labala watsopano. Fungo la m'bafa nthawi zambiri limachokera pa paipi yokhota ya pansi pa sinki kapena pa chibowo chotulutsira madzi, madzi otsekereza fungo akauma kapena paipiyo ikang'aluka.

Zimenezi zikatha mpamene penti ikubwera, ndipo pa zonse zokongoletsa, iyi ndiyo imasintha nyumba kwambiri ndi ndalama yochepa. Lita imodzi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12 pa ulendo umodzi ngati khoma lili losalala. Chipinda cha mamita 4 mbali zonse, chotalika mamita 2.7, chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 40 mukachotsa chitseko ndi zenera. Kupaka kawiri ndiye kuti malita 8. Sankhani mtundu umodzi wowala, woyera kapena wotuwirako, nyumba yonse. Mitundu yolimba imachepetsa chipinda m'maso, komanso wogula amayamba kuwerengera zodzaifufuta. Khoma litsukidwe ndi kupalidwa ndi sandipepala lisanapakidwe. Penti yopakidwa pa fumbi kapena pa mafuta a m'khitchini siigwira.

Tsopano khitchini ija. Ngati mabokosi a makabati ali olimba, osatupa ndi madzi, asiyeni. Sinthani zitseko zake kapena muzipake penti, ikani zogwirira zatsopano, thabwa la pamwamba latsopano ngati lakale latupa m'mbali mwa sinki, ndi mpopi wabwino. Sinki musaisunthe pamalo pake, chifukwa kusuntha mipope kumatanthauza kuswa pansi ndi makoma, ndipo wogula sadzaona n'komwe kumene ndalamayo yapita. Bafa nalonso chimodzimodzi: silikoni wakuda achotsedwe aikidwe watsopano, mizere ya pakati pa matailosi itsukidwe kapena idzazidwenso, chivundikiro cha chimbudzi chisinthidwe. Gogodani matailosi ndi kandalama kachitsulo. Imene ikulira ngati ng'oma yalekana ndi pansi ndipo idzasweka, choncho imatidwenso. Mukamagula matailosi atsopano onjezerani 10 pa 100 iliyonse chifukwa cha odulidwa ndi osweka.

Za chipinda chowonjezera, fufuzani kaye mitengo imene nyumba za zipinda zinayi m'dera lanulo zagulitsidwira posachedwapa, osati imene eni ake akuitanira. Chotsanipo mtengo wa nyumba za zipinda zitatu. Kusiyanako kukakhala kochepa kuposa ndalama yomangira, chipindacho ndi chotayitsa. Dera lililonse lili ndi malire a mtengo amene ogula sapyola, ngakhale nyumba ikongole bwanji. Komanso chipinda chomangidwa popanda pulani yovomerezeka ndi khonsolo chimatsitsa mtengo m'malo moukweza, chifukwa banki ikhoza kukana kupereka ngongole pa nyumbayo. Dziwe losambiramo, matailosi okwera mtengo ndi magetsi a maluwamaluwa musaziganizire n'komwe.

Ndalama yotsala ipite panja pamene wogula amayamba kuona: geti lotseguka bwino, chitseko cha kumaso chopakidwa, magalasi osweka osinthidwa, udzu wotchetchedwa, nthambi zokhudza denga zodulidwa.

Jambulani zithunzi ntchito isanayambe, ili mkati ndiponso itatha, makamaka ya padenga ndi ya khoma lija, ndipo sungani malisiti, chiphaso cha mmisiri wa magetsi ndi lipoti la injiniya ngati anabwera. Wogula akadzafunsa za chinyontho mudzamuonetse zimenezi. Poti muli ndi miyezi ingapo, konzani denga ndi khoma msanga kuti mvula yamphamvu igwepo kamodzi kapena kawiri musanapake penti yomaliza. Banga likapanda kubwerera, itanani wojambula zithunzi zotsatsira nyumbayo.