Acrylic ikamatuka mutangosintha likwidi, musapale chikhadabo kwambiri

Achemwali, chonde musamvere amene akukulangizani kuti mupale chikhadabo ndi fayilo yokhakhala kenako muthire kawiri primer, mankhwala othandiza kuti chikhadabo choikirira chigwire. Malangizo amenewo ndi amene anandichotsetsa ntchito pa saluni ina ku Limbe, ndipo ndikawaona akubwerezedwa m'gulu lathu lino la opanga zikhadabo mtima umandiwawa. Mwanena nokha kuti acrylic, chikhadabo choikirira chopangidwa posakaniza paudala ndi likwidi, inayamba kumatuka kutsinde, sabata isanathe, kwa makasitomala pafupifupi onse, kuchokera pamene munagula likwidi yatsopano yopungulidwa m'kabotolo kopanda dzina. Dzanja lanu silinasinthe ndipo burashi ndi yomweyo, ndiye chimene chasintha ndi botolo.

Likwidi yoyenera kuikidwa pa chala cha munthu ndi ya EMA, ethyl methacrylate. Pali inzake ya MMA, methyl methacrylate, imene amapangira mano oikirira ndi mapulasitiki olimba, ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri. Ku America bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala, linachotsa pamsika mankhwala a zikhadabo okhala ndi MMA yokhayokha m'zaka za m'ma 1970, anthu atadandaula za zala zotupa ndi zikhadabo zowonongeka, koma kuno imatipezabe kudzera mwa anthu opungula m'timabotolo. MMA sigwira pa chikhadabo chosalala, n'chifukwa chake oigulitsa amakuuzani kuti mupale mpaka chikhadabo chichite mizere. Ikauma imalimba kuposa chikhadabo chenichenicho ndipo sipindika ngakhale pang'ono, kotero kasitomala akagunda chala pa ndowa, imamatuka m'mphepete, kapena imazula chikhadabo chake pamodzi ndi mnofu.

Ine botolo lotere linabwera ndi mwini saluni, amene analigula kwa mayi wina woitanitsa katundu kunja, ati pofuna kuchepetsa ndalama zotuluka. Titangolitsegula, fungo linadzaza chipinda mpaka amene anali kulukitsa tsitsi anayamba kutsokomola, ndipo ine ndinkaweruka mutu ukugunda tsiku ndi tsiku. Ndinawauza kuti likwidi imeneyi si yabwino. Anandiyankha kuti likwidi ndi likwidi, ngati zikhadabo zikumatuka ndiye kuti ndikuchita ulesi popala, nditenge fayilo yokhakhala ya nambala 100 ndikande zenizeni. Munthu wolembedwa ntchito sutsutsana ndi amene amakulipira.

M'masiku amenewo kunabwera mtsikana wodzapangitsa zikhadabo za chinkhoswe, ukwati wake uli patsogolo masabata angapo. Zitayamba kumatuka sanabwerere kwa ife, koma wina kunyumba kwawo anathira super glue m'mipatamo n'kukanikiza, ndipo iye anapitiriza kuchapa ndi kutsuka mbale monga mwa nthawi zonse. Anatulukira Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa lake, ali ndi azakhali ake, kuti ndingomusinthira mtundu. Nditachotsa polishi ndinaona chala chachikulu ndi cha mkombaphala zili zobiriwira moderako pansi pa acrylic, ndipo nditakanikiza m'mphepete munatuluka timadzi tonunkha. Panalibenso zoti n'kusintha mtundu, zonse zinayenera kuchoka.

Ndinapala pamwamba, ndinaika thonje la acetone, mankhwala osungunula acrylic, n'kukulunga zala ndi foil. Acrylic ya EMA imafewa m'mphindi 15 kapena 20 n'kumachoka yokha mukaikankha ndi kamtengo. Iyi ola linatha ili gwa, pamwamba pokha ndi pamene panachita kunanda. Unali mwezi wa Okutobala, thonje linkauma msanga, ndipo magetsi anali atazima, moti makina opalira anangokhala chokongoletsa pa tebulo. Mnzanga wina anandiunikira ndi tochi ya foni ine ndikupala ndi manja, chala chimodzichimodzi, thukuta likugwera pa thaulo. Pamene ndinafika pa zikhadabo zake zenizeni, zinali zopyapyala ngati khoko la anyezi, zili ndi madontho ofiira m'malo amene fayilo ya 100 ija inadutsa, ndipo ndikangozikhudza mtsikanayo ankabweza dzanja. Pa kachala kakang'ono, chikhadabo chinali chitalekana ndi mnofu mpaka pakati, ndipo acrylic yotsala itangogwedezeka panatuluka magazi. Mtsikanayo sanalankhule kanthu, anangoyang'ana zala zakezo misozi ikutsika. Azakhali ake ndi amene anaimirira n'kuyamba kukuwa kuti ndamuwoletsa zala mwana wawo, kuti mawa mphete aivala bwanji pamaso pa anthu ndi ojambula, mpaka anthu a m'mashopu oyandikana anadzaza pakhomo.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti mwini saluni atafika, anayamba wakankhira botolo lija ndi phazi kunsi kwa tebulo, kenako anauza azakhaliwo mwaulemu kwambiri kuti ine ndine wophunzira, akhala akundichenjeza koma sindimva. Munthu yemweyo amene anandiumiriza kukanda zikhadabo za anthu anapepesa m'malo mwanga, anabweza ndalama n'kuzidula pa malipiro anga, ndipo mwezi utatha anandiuza kuti ndisabwerenso chifukwa ndaipitsa mbiri ya malo ake. Mayi wogulitsa uja ndinamufunsa pa WhatsApp kuti andionetse botolo lalikulu limene amapungulamo, ndipo anangondibuloka, koma mpaka lero ndimamva kuti akugulitsabe kwa atsikana ongoyamba kumene, amene sadziwa kuti fungo lobaya m'maso chonchija si la acrylic yonse. Anthu otere amadya ndalama, amene amanyozedwa pamaso pa kasitomala ndi iwe wogwira burashi.

Mkwatibwi uja ndinamutsuka ndi spirit, ndinaumitsa bwinobwino, pa kachala kovulala ndinaika pulasitala, ndipo zala zinazo ndinazimata zikhadabo zazifupi zamtundu wosaonetsa mkati kuti tsiku lake lidutse, n'kumuuza kuti azichotse Lamlungu. Panalibe njira ina usiku umenewo. Koma inu musadzaphimbe chikhadabo chobiriwira, ngakhale kasitomala akuchondereni bwanji. Kubiriwirako ambiri amati ndi fangasi, pamene kawirikawiri ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, amene amakonda chinyezi chotsekeredwa pakati pa acrylic ndi chikhadabo, ndipo guluu wothira pa mpata ndi amene amamutsekera bwino. Mukachotsa acrylic n'kusiya pouma, bakiteriyayo sapitirira, koma banga limatsala mpaka chikhadabo chikule. Chikhadabo cha m'manja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, ndiye muuzeni kasitomala zoona kuti ndi nkhani ya miyezi. Ngati chala chatupa, chikupweteka kapena chikutuluka mafinya, ameneyo ndi wa kuchipatala, si wa pa tebulo lanu.

Likwidi yanuyo iyeseni lero. Pangani chikhadabo chimodzi pa tip, kachikhadabo kapulasitiki komata, chiume, kenako muchiviike m'kapu ya acetone. Ngati patatha theka la ola chikadali cholimba, ndipo popala fayilo imangoterereka, botololo musaligwiritsenso pa munthu. Mtundu wa likwidi usakupusitseni, chifukwa yapepo ikhoza kukhala EMA kapena MMA. Musasakanizenso paudala ya kampani ina ndi likwidi ya kampani ina, popeza mankhwala oumitsa amene ali mu paudala anayezedwa mogwirizana ndi likwidi yake, ndipo yotsala m'kagalasi musaibwezere m'botolo.

Komabe ndisakunamizeni kuti nthawi zonse wolakwa ndi botolo, chifukwa kumatuka kochuluka kumene ndimaona kwa anzathu kumachokera pa kakonzedwe ka chikhadabo, ndipo malo amene chamatukira amakuuzani chifukwa chake. Chikamatuka kutsinde monga zanuzi, yang'anani kakhungu kopyapyala koyera kamene kamakakamira pa chikhadabo mukakankha cuticle, khungu lozungulira tsinde la chikhadabo. Ambiri amakankha n'kusiya pomwepo, koma kakhunguko kakatsala, acrylic imagwira iko m'malo mogwira chikhadabo. Kachotseni konse, makamaka m'makona. Musaviike manja a kasitomala m'madzi musanaike acrylic, chifukwa chikhadabo chimamwa madzi n'kufufuma, ndipo chikadzauma chimabwerera, acrylic n'kutsala m'malere. Fayilo ya 180, yosakhakhala kwambiri, ndi yokwanira, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa kuwala kokha. Sasani fumbi lonse, thirani dehydrator, mankhwala ochotsa mafuta ndi chinyezi pa chikhadabo, kenako primer pang'ono kwambiri. Primer wa asidi amawotcha khungu. Kwa amene manja awo amachita thukuta, ine ndimabwereza dehydrator pa chala chilichonse ndisanaike bead, kampira ka paudala yonyowa ndi likwidi kamene timatenga ndi burashi, ndipo kwa owerengeka ndimabwerezanso primer wopanda asidi.

Kuchokera pamenepo kasitomala asagwire nkhope, tsitsi kapena foni. Amayi athu ambiri amabwera atadzola Vaseline kapena glycerine mpaka m'zala, ndipo akangokanda m'mutu kamodzi ntchito yonse yokonza ija yapita. Bead isakhale yamadzi yothamangira m'mbali, isakhalenso youma yoonetsa ufa pamwamba. Yamadzi imakhwinyata pouma n'kudzikoka m'mphepete, ndipo ikamakhudza khungu mobwerezabwereza ikhoza kuyambitsa ziwengo zimene munthu akhoza kukhala nazo moyo wake wonse. Youma sikhala pansi bwino, imasiya timatumba ta mpweya pakati. Siyani kampata kochepa pakati pa acrylic ndi khungu, ndipo kutsindeko ikhale yopyapyala yoti chala chisamve chitunda. M'nyengo yotentha acrylic imauma msanga, ndiye tengani timabead ting'onoting'ono ndipo tebulo lisakhale padzuwa kapena kutsogolo kwa fani. Mu Juni imachedwa kuuma, musafulumire kupala isanayambe kulira mukaigogoda ndi chogwirira cha burashi.

Chikamatuka kunsonga, kawirikawiri ndi kutalika. Mayi amene amachapa pamanja, kutunga madzi ndi kuphika tsiku lililonse sangasunge zikhadabo zazitali zimene waona pa Instagram, ndipo ndi bwino kumuuza asanakhale pansi kusiyana ndi kukangana naye zikamatuka. Apex, mbali yokhuthala kwambiri ya acrylic, ikhale pamalo pake kuti kulemera kusakokere kutsinde, ndipo aliyense abwere kudzafila, kudzaza mpata umene watsala kutsinde, pakatha masabata awiri kapena atatu, pamene mudzachotse mbali yonse yomatuka musanaike yatsopano.

Makasitomala amene mwawaika likwidi yokayikitsayo aimbireni nokha asanayambe kuthira guluu, muwachotse mwaulere ndi acetone ndi fayilo, osazula ndi tip kapena ndi mano. Ponena za kogula, ine ndimagulabe kwa amayi oitanitsa katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, chifukwa ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu mabotolo a m'mashopu akuluakulu sindingawakwanitse, koma ndimatenga lomata, lolembedwa ethyl methacrylate kumbuyo, ndipo ndimaliyesa pa tip ndisanamalize kulipira.