Funsani Ankolo: Chindege chotuwa chija chinadutsa pamwamba pa tiyi

Mwezi uno mafunso ambiri achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo pafupifupi onse akukamba za ndege zikuluzikulu zodutsa chapansi. Ndasankhapo anayi.

Ankolo, ine ndimagulitsa nanazi ndi mapeyala pa Chitakale. Tsiku lina chakum'mawa kunadutsa chindege chotuwa chapansipansi zedi moti malata a mashopu ankachita kunjenjemera, nkhuku balala, kamwana kanga kanakalowa kunsi kwa benchi kulira osatonthola. Chinali ndi zozungulira zinayi m'mapikomu, chimimba chonenepa, ndipo chimayenda pang'onopang'ono ngati chigwa pompo. Chinalowera cha ku Muloza. Nde pamsika ena akuti nkhondo ya ku Mozambique yayambanso, ena akuti ndi azungu akudzaba miyala m'phiri. Timange katundu kodi?
Mayi wa nanazi, Chitakale

Mayi, katundu musamange, pitirizani geni yanu. Momwe mwafotokozeramu, mapulopela anayi, mapiko okhala pamwamba pa thupi, chimimba chogundagunda pansi, imeneyo ndi mbiri yeniyeni ya C-130 Hercules, ndege yonyamula katundu ya asilikali yomwe kampani ya Lockheed ku America inayamba kuulutsa mu 1954 ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Mukadzaionanso muyang'ane kumbuyo kwake, mchira wake ndi wotukuka chifukwa pansi pakepo pali chitseko chachikulu chomwe chimatsika mpaka kugunda pansi, galimoto kukwera kulowa m'kati ili chilizire injini. Imanyamula katundu wa matani pafupifupi 20, ndiye kuti matumba a chimanga a makilogalamu 50 okwana 400 ulendo umodzi. Ntchito yake ndi imeneyo basi, kututa asilikali, chakudya, mankhwala, matenti. Mayiko ambirimbiri ali nazo, a South Africa akhala nazo kuyambira mu 1963.

Asilikali athu a MDF ndege zawo zomwe tinazizolowera kuno kumwera ndi zing'onozing'ono, Dornier 228 ya injini ziwiri yonyamula anthu 19, mtundu wa ija inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kutilanda a Chilima ndi anzawo. Choncho ya mapulopela anayi mukaiona, kawirikawiri imakhala mlendo.

Zoti imayenda pang'onopang'ono ngati igwa, amenewo ndi maso anakunamizani, ndipo amatinamiza tonse. Ndegeyi ndi yaitali pafupifupi mamita 30, kuchoka nsonga ya phiko lina kufika linzake mamita 40, nde chinthu chikakula chomwecho maso amachiyesa kuti chili pafupi pamene chili kutali, komanso chimaoneka ngati chikungoyandama. Ikakhala paulendo wake imathamanga kupitirira makilomita 500 pa ola, ndipo ngakhale woyendetsa aichepetse liwiro bwanji imakhalabe cha m'ma 200. Anthu amalumbira kuti "inatsala pang'ono kukhudza bulugamu" pomwe pakati pa bulugamuyo ndi ndegeyo panali mamita mazana angapo.

Nanga yatsikiranji? Zifukwa zilipo zingapo koma kwanu kuno chachikulu ndi mitambo ndi phiri. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo chiperoni chikabwera phiri lonse limalowa m'nkhungu osaonekanso. Woyendetsa ndege amakhala ndi njira ziwiri, kukwera pamwamba penipeni pomwe sangagunde chilichonse, kapena ngati ntchito yake ikufuna kuti aziona pansi, kutsika kunsi kwa mitambo n'kulilambalala phirilo cha m'minda ya tiyi momwe muli see. Komanso asilikali amachita kuphunzira dala kuulutsa ndegezi chapansi, chifukwa tsiku lokaponya katundu ndi parachuti kapena lokaona komwe madzi awononga sangachite zimenezo ali m'mwamba mwa mitambo.

Za nkhondozo ndikumvetsa komwe zikuchokera, akuluakulu a cha ku Muloza anaona ndi maso anthu akuwoloka kuthawa ku Milange m'zaka za m'ma 1980, mitolo pamutu, ndipo zotero siziiwalika. Koma nkhondo ija inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, ndipo zigawenga zomwe mumamva pawailesi masiku ano zili ku Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni kumalire ndi Tanzania. Za miyalazo, ndi zoona kuti pa Lichenya pali bauxite, mwala wopangira aluminiyamu, koma mwala subedwa ndi ndege ili m'malere, mayi. Ndege zofufuza miyala zinadutsadi m'dziko muno nthawi ya Kauniuni ija yomwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015, koma zinali ting'onoting'ono, zoyenda mzere n'kubwerera mzere wina, kangapo patsiku. Yanuyo inangodutsa kamodzi n'kumapita. Kamwanako mukatengere panja ulendo wina, mukatseke makutu ndi manja anu kaone, mantha amachepa kakaona chomwe chikulira.

Ankolo tatithandizani tabetcherana 2 sauzande ndi mnzanga. Ndege yaikulu ikamadutsa phokoso limamveka kumbuyo kwake osati pomwe ili, iye akuti ndi chifukwa imathamanga kuposa phokoso, ine ndikuti bodza. Ndani wawina?
Wakabaza, Luchenza

Aise, katenge 2 sauzande yako. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye kuti kilomita imodzi limatenga masekondi atatu kuti likupeze, pomwe kuwala kumafika m'maso mwako nthawi yomweyo. Ndege ikakhala kilomita imodzi kuchoka pomwe waima, phokoso lomwe ukumvalo linatuluka masekondi atatu apitawo, ndegeyo yasuntha kale. N'chifukwa chake umatembenukira komwe kukulira osaona kanthu, kenako n'kuipeza kutsogolo. Liwiro la phokoso ndi makilomita oposa 1,200 pa ola, ndege zonyamula katundu palibe imafikako.

Ankolo, ine ndili folomu 3. Ndege ina inadutsa kuno ikutulutsa utsi wakuda mizere inayi kumbuyo, ndipo agogo anatiuza kuti tivundikire madzi akumwa ndi kututa makaka omwe tinayanika chifukwa akuti akupopera mankhwala. Pa WhatsApp akutinso ndi poizoni wochepetsa anthu. Zoona?
Mtsikana wasukulu, Bvumbwe

Mwana wanga, agogo ako usawaseke, kuvundikira madzi n'kwabwino ndege ibwere isabwere. Koma za poizonizo ndi zabodza za pa WhatsApp. Mizere inayi wawerengayo ndi injini zinayi, injini iliyonse ndi mzere wake. Mafuta a ndegezi ndi mtundu wa palafini, ndipo ma Hercules akale okhala ndi injini za Allison T56 amadziwika dziko lonse kuti amafuka, makamaka akamakoka mwamphamvu ali chapansi. Ndi mwaye basi. Atsopano otchedwa C-130J safuka kwambiri, ndipo ungawazindikire chifukwa pulopela iliyonse ili ndi masamba asanu ndi limodzi pomwe akale ambiri ali ndi anayi. Ina yomwe imafuka moopsa ndi Ilyushin Il-76 yaku Russia, imeneyo ilibe mapulopela, ndi ya majeti anayi, mchira wake ndi wooneka ngati chilembo cha T, kumphuno kunsi kuli magalasi, ndipo kulira kwake ndi kwa mluzu woboola m'makutu.

Mizere yoyera yomwe umaiona kumwamba kwambiri ndi nkhani ina, umenewo ndi nthunzi yochokera mu injini yomwe yaundana ndi kuzizira. Ndege yopopera mankhwala m'munda imakhala kakang'ono ka munthu mmodzi, kamadutsa mamita ochepa pamwamba pa mbewu chifukwa kakakwera mankhwala amangouluka ndi mphepo.

Kwanu ku Bvumbwe mumaziona chapansi pa chifukwa chinanso, simuli patali ndi bwalo la Chileka. Ndege ikamapita kukatera siigwa mwadzidzidzi pabwalopo, imayamba kutsika ili kutali, pafupifupi mamita 50 pa kilomita iliyonse ikamayandikira. Poti uli folomu 3 masamu amenewo uchite wekha.

Ankolo, funso langa ndi lowawa. Nthawi ya Freddy tinakhala masiku opanda chakudya, milatho itaduka. Timamva kuti kunja kuli zindege zonyamula ndi akasinja omwe. Bwanji sizinabwere kudzatiponyera ufa, m'malo mwake timangoona helikopita kamodzikamodzi itanyamula matumba ochepa?
Bambo wa ana asanu, Muloza

Bambo, pepani, Malichi wa 2023 uja sadzaiwalika ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zindege mukunenazo ziliko ndithu. C-17 Globemaster ya ku America imanyamula matani pafupifupi 77, kasinja kulowa yense, ndipo nthawi ya Idai mu 2019 ma C-17 ndi ma C-130 anatutadi thandizo kupita nalo ku Mozambique. Koma vuto la ndege yaikulu ndi potera. Hercules amaitama kuti imatera ndi pafumbi pomwe, ndi zoona, koma pamafunika malo osalala, olimba, otalika pafupifupi kilomita imodzi, nde tangoganizani mmene kunaliri kwanuko masiku amenewo, matope mpaka m'mawondo, miyala yogubuduka m'phiri ili mbwee, ikanatera pati? Choncho ntchito imagawidwa, yaikulu imatula katundu ku Chileka kapena ku Lilongwe, malole n'kupititsa pomwe msewu wathera, helikopita n'kumalizitsa. Helikopita imatera pabwalo la sukulu koma imanyamula zochepa ndipo imadya ndalama zoopsa pa ola, komanso masiku oyambirira aja mvula ndi nkhungu zinali zisanalekeze, ngakhale helikopitayo imalephera kunyamuka.

Kuponya kuchokera m'mwamba kumatheka, a bungwe loona za chakudya la WFP akhala akuchita ku South Sudan ndi ma Il-76, koma si kungotsegula chitseko n'kukankha ayi. Pamafunika chigwa chachikulu chopanda nyumba, anthu apansi oti achilembe zizindikiro ndi kuthamangitsa aliyense, matumba osokedwa kangapo kuti asaphulike. Thumba logwa kuchokera m'ndege likapeza munthu limapha, likagwera m'madzi ufa watha. M'mphepete mwa phiri, m'mitambo, anthu anjala atadzaza paliponse, woyendetsa ndege wanzeru sangavomere.

Pomwe ine ndikugwirizana nanu ndi apa. Tinachita kudikira ma helikopita a anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia kuti adzatipulumutse, m'dziko loti madzi amasefukira pafupifupi chaka ndi chaka, 2015, 2019, 2022, 2023. Ine chindege cha matani 77 sindikuchifuna, kwathu kuno chilibe ntchito, chimene tikusowa ndi ma helikopita athuathu oyenda bwino komanso nkhokwe za ufa zoikiratu ku Mulanje Boma, ku Muloza ndi ku Phalombe mvula isanayambe, kuti mlatho ukaduka chakudya chikhale chili kale tsidya lanulo. Phungu wanu akabwera kudzachititsa msonkhano mudzamufunse zimenezi pamaso pa anthu, ndipo mudzandilembere zomwe ayankhe.

Mafunso a mwezi wamawa tumizani mwachangu, ndipo a ku Thekerani amene munafunsa za sitima yapamtunda musadandaule, lanu lili pamzere.