Funsani Alabu: ufa wa stem cell ndi mwana wodwala sickle cell

Funso

Mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri ali ndi sickle cell. Chaka chino chokha tagonekedwa kangapo, ndipo amuikapo magazi. Mayi wina wa kumpingo kwathu akugulitsa timapaketi ta ufa, akuti ndi stem cell. Akuti umapanga magazi atsopano, umachiza shuga, BP, khansa ngakhale HIV, ndipo anandionetsa pafoni kuti wotulukira zimenezi analandira mphoto ya Nobel. Wandiuza kuti mwana akayamba ufawu asiye mapiritsi a kuchipatala. Ndikufuna kugulitsa mbuzi zanga ziwiri. Kodi stem cell n'chiyani, nanga ingamuchiritsedi?

Mayi wa ku Salima

Yankho

Mayi, mbuzizo zisiyeni m'khola, ndipo mapiritsi a kuchipatala mwana asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndizo zachangu. Koma sindikufuna mungomvera poti ndanena ine, chifukwa mawa kudzabweranso wina ndi kapaketi ka mtundu wina. Ma stem cell alikodi, mphoto ya Nobel inaperekedwadi, ndipo alipo ana amene anachiradi sickle cell chifukwa cha maselo amenewa. Bodza la ufalo labisala pakati pa zoona zimenezi.

Ntchito yanga ndi yoyeza magazi. Ndikapaka kadontho pagalasi mopyapyala n'kuthira utoto, pa maikulosikopu ndimaona timaselo tofiira tozungulira, totuwirako pakati, tambirimbiri. Pa magazi a mwana ngati wanuyo, pakati pa tozungulirato pamakhala tina topindika, tosongoka nsonga zonse ziwiri. Timeneto ndito timakodwa m'timitsempha ting'onoting'ono, mwana n'kuchezera kulira mafupa. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, pomwe lopindikalo limafa pa masiku 10 mpaka 20. Ndiye chifukwa chake magazi amamuthera msanga, maso n'kuchita chikasu.

Maselo ofiirawa saberekana okha. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, makamaka a m'chiuno, a pachifuwa ndi a msana. M'menemo muli maselo owerengeka amene sanapatsidwe ntchito. Limodzi likagawikana, lina limatsala momwe linalili, linzakelo limayamba kusintha pang'onopang'ono mpaka litakhala selo lofiira, kapena loyera lolimbana ndi matenda, kapena kaja kothandiza magazi kuundana pabala. Amenewa ndiwo ma stem cell a magazi, ndipo kuchokera kwa iwo thupi la munthu wamkulu limatulutsa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Khungu lili ndi ake, matumbo ali ndi ake. Mwana wanu ali nawo kale ma stem cell, ndipo akugwira ntchito molimbika kuposa anga. Vuto ndi lakuti malangizo a chibadwa amene ali mkati mwawo ali ndi kachilema kamodzi, kamene anatengera kwa inu ndi kwa bambo ake, nonse awiri.

Tonsefe tinayamba ndi selo limodzi. M'masiku oyambirira, maselo a mluza amatha kukhala chilichonse, kaya mtima, ubongo, fupa kapena chiwindi. Akamagawikana amanka napatukana mpaka mitundu yoposa 200. Chimene chimandizizwitsabe n'chakuti DNA, malangizo a chibadwa aja, ndi imodzimodzi m'selo la khungu ndi m'selo la ubongo. Selo lililonse limangotsegula malangizo ena, ena n'kuwatseka. Zili ngati dothi la kumtapo: likadali lofewa mungaumbe mphika, nkhali kapena mtsuko, koma mukaotcha, mphika ndi mphika basi. Kwa zaka zambiri asayansi ankakhulupirira kuti selo nalonso likapsa lapsa.

Mu 1962 John Gurdon wa ku Oxford ku Britain anatenga phata (malo osungiramo DNA) la selo la m'matumbo a mbululu n'kuliika m'dzira la chule limene analichotsa phata lake. Dziralo linakula n'kukhala mbululu yamoyo yosambira. Apa zinaoneka kuti selo la m'matumbo silinataye malangizo opangira thupi lonse, linangowatsekera. Nkhosa yotchedwa Dolly, yobadwa mu 1996 ku Scotland, inapangidwa mwa njira yofananayo. Kenaka kunabwera Shinya Yamanaka wa ku yunivesite ya Kyoto ku Japan. Iye ndi mnzake Kazutoshi Takahashi anasankha majini (tizigawo ta DNA) 24, namachotsa limodzilimodzi mpaka anatsala ndi anayi okha, otchedwa Oct3/4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc. Atawalowetsa m'maselo wamba a mbewa, maselowo anaiwala ntchito yawo n'kubwerera ku umluza. Izi anazilengeza mu 2006, ndipo mu 2007 zinatheka ndi maselo a khungu la munthu. Maselo obwezedwawa amatchedwa iPS. Gurdon ndi Yamanaka ndiwo analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Palibe mwa awiriwa amene anapangapo ufa wakumwa.

Phindu lake ndi lalikulu. Kuyambira 1998, pamene James Thomson wa ku America anayamba kusunga ma stem cell a munthu mu labu, gwero lawo linali mluza wa masiku ochepa, ndipo anthu ambiri opembedza zinkawavuta mumtima. Lero asayansi angatenge kachikopa kapena magazi a wodwala, kuwabweza mmbuyo, kenaka kuwatsogolera kuti akhale maselo a mtima, amene amagundadi ali m'mbale ya labu. Pamenepo amayeserapo mankhwala asanafike kwa munthu. Mu 2014 mumzinda wa Kobe ku Japan, gulu la dokotala Masayo Takahashi linaika kachigamba ka maselo otere m'diso la mayi wina wa zaka za m'ma 70 amene maso ankafa ndi ukalamba. Matendawo anaima, koma kuona sikunabwerere. Kafukufuku akupitirira pa matenda onjenjemeretsa a Parkinson ndi shuga wa mtundu woyamba. Ofufuzawo amayenda mochenjera chifukwa selo lotha kukhala chilichonse limathanso kukhala chotupa, china mpaka chomera tsitsi ndi mano mkati mwake, ndipo jini lija la c-Myc limapezeka likusokonekera m'makhansa ambiri.

Chithandizo cha stem cell chimene chakhazikika ndi chosintha mafuta a m'mafupa. Dokotala E. Donnall Thomas anachiyamba m'zaka za m'ma 1950 pa odwala khansa ya m'magazi, ndipo mu 1984 zinadziwika kuti chimachizanso sickle cell. Ndifotokoze momwe chimayendera kuti muone kulemera kwake. Choyamba pamafunika wopereka amene thupi lake likugwirizana ndi la mwana, ndipo wabwino koposa ndi m'bale wake wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Mwayi woti m'bale aliyense agwirizane naye ndi umodzi pa inayi. Akapezeka, mwana amapatsidwa mankhwala amphamvu a khansa kuti aphe mafuta ake a m'mafupa. Tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, chitetezo cha m'thupi chimatheratu, moti amakhala m'chipinda chayekha kwa masabata angapo. Tsiku loika maselo atsopanolo siliopsa kuliona: ndi kathumba kofiirira kokolekedwa pamtengo wa diripu, kolowera mumtsempha monga momwe amamuikira magazi. Maselowo amayenda okha kukapeza malo m'mafupa, ndipo pakatha masabata awiri kapena anayi amayamba kupanga magazi ozungulira. Mwa ana olandira kwa m'bale wogwirizana naye, pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse amachira. Koma ena maselo achilendowo amaukira thupi lawo, ena amadzasowa mbereko, ndipo ena amamwalira. Chithandizochi chimaperekedwa m'maiko monga South Africa ndi India, ndipo chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma, ku Tanzania, chinayamba mu 2023.

Kumapeto kwa 2023 komweko, Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, chosafuna wopereka. Mwina mukukumbukira kuti mwanayu ali wakhanda, miyezi yoyambirira ija, analibe vuto. Nthawi imeneyo anali adakali ndi magazi a mtundu wa m'mimba, amene sapindika, koma thupi limasiya kuwapanga mwana akamakula. Madokotala amatulutsa ma stem cell a wodwala mwiniwake, kukonza malo amodzi a DNA kuti magazi a ukhanda aja ayambenso kupangidwa, n'kuwabwezera. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Zimandiwawa kulemba nambala imeneyi, podziwa kuti ana ambiri obadwa ndi sickle cell pa dziko lonse amabadwira muno mu Africa.

Tsono onani kapaketi kaja. Stem cell ndi chinthu chamoyo. Kuti isungike nthawi yaitali amaiika m'chisanu cha madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo akaisungunula imayenera kulowa mumtsempha mwachangu. Siingakhale moyo itaumitsidwa n'kukhala ufa m'chikwama chotenthedwa ndi dzuwa la ku Salima. Werenganinso timalemba ta kuseri kwa paketi: nthawi zambiri mupeza kuti ndi zochokera ku zomera monga maapozi ndi mphesa. Selo la apozi silingasanduke magazi a munthu. Ngakhale akanakhala maselo a munthu enieni, akamezedwa m'mimba amagayidwa monga chakudya china chilichonse. Ndipo tinene kuti ufawo ukanafulumizitsa ma stem cell a mwana wanu, akanangopanga maselo opindika ambiri, poti kachilema kaja kali mwa iwo omwewo.

Mayi wogulitsayo mwina sakunama mwadala. Ambiri a iwo anagula katunduyo ndi ngongole ya banki mkhonde, ndipo amakhulupirira zimene anauzidwa kumsonkhano. Koma kuuza kholo kuti mwana asiye mankhwala ndi kusewera ndi moyo wa mwanayo, ndipo pamenepa sindingabise mawu. Ngakhale amene amabaya jakisoni wa maselo enieni mosavomerezeka avulaza anthu. Ku Florida ku America mu 2015, amayi atatu okalamba anabayidwa m'maso maselo ochokera ku mafuta a m'thupi lawo, ndipo onse maso anaonongeka kwambiri.

Za HIV ndiyankhe mwachidule, poti ambiri akufunsa. Timothy Ray Brown anachiradi HIV atamuika mafuta a m'mafupa ku Berlin mu 2007, koma chimene ankachiza chinali khansa ya m'magazi, ndipo wopereka wake anali ndi chibadwa chosowa chimene chimatsekera kachilomboko khomo. Anthu ochira chotere ndi owerengeka pa dziko lonse. Amene ali pa ma ARV asasiye.

Nanga inu muchite chiyani? Mukapita kukiliniki, funsani adokotala za mankhwala otchedwa hydroxyurea ngati mwana sanayambe. Amachulukitsa magazi a ukhanda omwe aja, ndipo kafukufuku amene anachitika ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda anaonetsa kuti ana a kuno amawalandira bwino: kupweteka kwa mafupa, kuikidwa magazi ndi imfa zonse zinachepa. Amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi kuti tione ngati mlingo ukumuyanja, choncho musaphonye tsiku limene akupatsani. Apitirize folic acid ndi mankhwala ena onse amene anamulembera, agone m'neti usiku uliwonse poti malungo ndi mdani wamkulu wa ana amenewa, amwe madzi ambiri makamaka mu Okutobala, ndipo m'nyengo ya chisanu muzimufunditsa bwino.

Thupi likangotentha, musadikire kuche. Chimodzimodzi akayamba kubanika, akatuwa m'manja ndi m'zikope mwadzidzidzi, kapamba akatupa, kapena mkono, mwendo kapena pakamwa pakalefuka mbali imodzi. Pemphani anamwino akuonetseni ndi dzanja lanu momwe mungagwirire kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, kuti muzidziwa kukula kwa kapamba wake pa masiku amene ali bwino. Ngati muli ndi ana ena, bwerani nawo tidzawayeze, kuti mudziwe amene ali ndi matendawa ndi amene angonyamula chibadwa chake. Ndipo ngati mbuzi imodzi idzagulitsidwe, ndalamayo isungidwe ya thiransipoti ya usiku wothamangira kuchipatala.