Mafunso Anu: Alawansi, Maulendo ndi Madyerero a m'Maofesi a Boma

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera kwa awerengi a kuno ku Joni akufunsa za ndalama zimene maofesi a boma amawononga pa maulendo, pa alawansi ndi pa kudyetsa alendo, kumudzi kuja ngakhalenso kuno ku South Africa. Ayankha ndi anzathu odziwa ntchito yofufuza mabuku a chuma cha boma. Makalata ena tawafupikitsa.

Akuluakulu, ine ndimayendetsa lole ya kampani ina ku City Deep, ndipo dizilo akaperewera malita asanu okha bwana amadziwa tsiku lomwelo. Nanga ku Capital Hill mamiliyoni a alawansi amasowa bwanji pamene chilichonse chimasayinidwa? (Bambo wa ku Rosettenville)

Achimwene, bwana wanu amadziwa chifukwa amayerekeza lisiti la mafuta ndi mtunda umene lole yayenda. M'boma mapepala alipo ochuluka kuposa a kuntchito kwanu, koma woti awaike pamodzi n'kuwafanizira ndiye amabwera mochedwa, nthawi zina patatha chaka kapena ziwiri.

Ulendo wa boma woyenda m'njira yake umasiya mapepala asanu. Loyamba ndi kalata yopempha chilolezo, imene m'maofesi amaitcha loose minute, yonena cholinga cha ulendo, masiku ndi mayina a opita, yovomerezedwa ndi mlembi wamkulu wa unduna kapena amene iye wam'patsa mphamvu. Kenako pali voucher yolipirira, pepala losayina olandira ndalama kapena umboni wa kubanki, log book ya galimoto, ndi lipoti la ntchito imene yakagwiridwa. Pepala lililonse palokha limaoneka loyera. Bodza limaonekera mukawaika patebulo limodzi.

Tiyerekeze msonkhano wa ku Salima. Pepala losayina likuti kunali anthu 40 kwa masiku 5, ndiye kuti alawansi 200. Koma bilu ya hotela ikuonetsa nkhomaliro za anthu 25 kwa masiku 3. Mbale 75 sizingadyetse alawansi 200. Wofufuza wakhama amayang'ananso kalembedwe: mayina khumi osayinidwa ndi cholembera chimodzi, zilembo zopendekera mbali imodzi, nambala za foni zosalowa. Amatenganso dzina limodzi n'kulilondola mwezi wonse, ndipo si zachilendo kupeza munthu atalipidwa kuti anagona ku Mangochi ndi ku Mzuzu usiku womwewo, kapena masiku amene walipidwa m'mwezi akuposa masiku a mweziwo. Chinyengo china chofala n'kulandira alawansi yonse pamene boma lalipira kale hotela malo ogona ndi chakudya, zomwe amati full board.

Mafuta ndiye osavuta. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi pafupifupi makilomita 100. Kupita ndi kubwera 200, tiwonjezere 50 oyendayenda komweko. Galimoto yomwa lita imodzi pa makilomita 10 ifuna malita 25. Ngati khadi la mafuta latulutsa malita 120 ndipo log book ilibe mtunda wa poyambira ndi pothera, funso ladzifunsa lokha.

Pali mtundu wina umene lamulo silingaugwire msanga. Alawansi yogonera imaperekedwa munthu akagona kutali ndi kumene amagwira ntchito. N'chifukwa chake Mponela, ulendo wa ola limodzi lokha kuchoka ku Lilongwe, anatchuka ndi misonkhano ya anthu amene onse maofesi awo ali pakhonde limodzi ku Capital Hill. Mapepala onse amakhala olondola, msonkhano unachitikadi, koma ukanatha kuchitikira m'chipinda cha misonkhano cha unduna popanda kulipira tambala. Ife timaona kuti kumeneku ndiye kumathera ndalama zambiri kuposa kwa osayina mayina abodza. Cashgate ya 2013 inadzidzimutsa dziko chifukwa macheke anali a mamiliyoni mazanamazana opita ku makampani osagwira ntchito, ndipo kafukufuku wa kampani yofufuza mabuku ya Baker Tilly anapeza zoposa K13 biliyoni zitapita pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Za alawansi zimatuluka pang'onopang'ono, olandira ndi ambiri, ndiye wokuwa amasowa.

Ine ndine mlendo m'dziko muno, koma VAT ya 15 peresenti ndimalipira pa chilichonse chimene ndagula. Kodi ndili ndi ufulu wofunsa kuti nthambi ya boma inawononga zingati pa maulendo ndi zakudya? Sangandithamangitse? (Mayi wa ku Diepsloot)

Mayi, ufuluwo muli nawo. Gawo 32 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wopeza uthenga wosungidwa ndi boma kwa aliyense, silinena za nzika zokha. Lamulo loyendetsa ufuluwu ndi Promotion of Access to Information Act la 2000, lomwe anthu amangoti PAIA.

Musanalembe kalata, yambani ndi zimene zili poyera kale. Nthambi iliyonse ya boma lalikulu ndi ya chigawo, monga Gauteng, imatseka chaka pa 31 March ndipo lipoti lake la pachaka liyenera kufika ku nyumba ya malamulo pofika kumapeto kwa September. Likopereni pa intaneti, dumphani masamba a zithunzi ndi mawu a nduna, pitani kumapeto kumene kuli manotsi a chuma. Pansi pa mutu wa Goods and services mupeza mizere ya Travel and subsistence, Catering, Entertainment ndi Venues and facilities, ndi chiwerengero cha chaka chino pambali pa cha chaka chatha. Chenjerani ndi chizindikiro cha R'000 pamwamba: chikakhalapo, 45 300 akutanthauza R45.3 miliyoni. Ambiri amalakwitsa pamenepa n'kufalitsa zolakwika pa Facebook. Mayankho a nduna kwa aphungu pa za maulendo awo amapezekanso pa tsamba la pa intaneti la Parliamentary Monitoring Group, bungwe lotsata zochitika ku nyumba ya malamulo.

Zikapanda kukwanira, dzazani Form 2 ya PAIA n'kuitumiza kwa information officer, wopereka uthenga wa nthambiyo. Pamakhala kandalama kolipira popempha, ndipo mukafuna makope ambiri mumalipiranso. Iwo ali ndi masiku 30 oti ayankhe, ndipo angathe kuwonjezera ena 30 atakudziwitsani. Akangokhala chete, lamulo limatenga ngati akana, ndiye mumachita apilo mkati mwa nthambi momwemo pasanathe masiku 60. Zikakanikabe, dandaulo limapita kwa Information Regulator, woyang'anira lamuloli, amene ofesi yake ili konkuno ku Johannesburg, pasanathe masiku 180.

Chimene chimagwetsa mapempho ambiri ndi kafunsidwe. PAIA imakupatsani mapepala amene alipo, siikakamiza munthu kukufotokozerani zifukwa. Mukalemba kuti "n'chifukwa chiyani mukuwononga ndalama zathu" simulandira kanthu. Lembani kuti mukufuna makalata ovomereza maulendo akunja a mkulu wa nthambiyo kuyambira 1 April mpaka 30 September chaka chakutichakuti, ma invoice a kampani yogulitsa matikiti, ndi mabilu a hotela. Tchulani mtundu wa pepala, udindo wa munthu ndi masiku.

Dziwani kuti fomuyi imafuna kope la chiphaso chanu. Ngati mapepala anu okhalira muno sali bwino, musadziike pamoto: perekani funsolo kwa bungwe lomenyera ufulu, mtolankhani kapena khansala wa dera lanu.

Za kumudzi njira yake n'chimodzimodzi. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi wopereka uthenga, yankho liyenera kubwera m'masiku 15 ogwira ntchito, ndipo oyang'anira lamuloli ndi a Malawi Human Rights Commission. Kukhala ku Joni sikukuletsani kulemba.

Ndimamva pa wailesi za irregular expenditure ndi fruitless and wasteful expenditure. Kodi zonsezi ndi kuba? Nanga clean audit ndiye kuti palibe chasowa? (Wophunzira wa ku Braamfontein)

Ayi, mphwathu. Lamulo loyendetsa chuma cha boma la South Africa, PFMA la 1999, limasiyanitsa zinthuzi. Irregular ndi ndalama zogwiritsidwa ntchito mosatsata lamulo, monga kuitanitsa chakudya cha msonkhano popanda kufunsa mitengo kwa ogulitsa angapo. Chakudyacho chingakhale kuti chinabwera ndipo chinadyedwa. Fruitless and wasteful ndi ndalama zotayika pachabe zimene zikanapeweka munthu akanasamala: chipinda cha hotela chimene sanakagonemo ndipo sanachithetse, ndege imene yamusiya, chiwongola dzanja cha bilu yolipidwa mochedwa. Unauthorised ndi kupitirira bajeti kapena kugwiritsa ntchito ndalama pa zimene nyumba ya malamulo sinazipatsire. Kuba kungabisale mwa zonse zitatu, koma mawuwo paokha sakutanthauza kuba.

Clean audit imanena kuti mabuku ndi olondola, malipoti a ntchito ndi odalirika ndipo palibe kuphwanya lamulo kwakukulu kumene kwapezeka. Siinena kuti ulendo wa anthu 12 wa ku Geneva unali wofunika. Funso limenelo ndi la aphungu a komiti younika chuma cha boma, SCOPA kuno, kapena Public Accounts Committee kwathu ku Lilongwe.

Malipoti amatuluka chaka ndi chaka, koma alipo amene analangidwapo chifukwa cha ulendo? Ine ndikuona ngati ndi sewero chabe. (Bambo wa ku Turffontein)

Alipo, bambo, ngakhale ndi owerengeka. Mu April 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni za Covid-19 atatuluka, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito, Ken Kandodo, chifukwa cha ndalama zoposa K600,000 za thumba limenelo zomwe zinalipira alawansi ya ulendo wobwera kuno ku South Africa. A Kandodo ananena kuti anali atabweza ndalamazo. Kuno, mu 2011 Thuli Madonsela ali Public Protector, wofufuza madandaulo okhudza boma, anapeza kuti nduna Sicelo Shiceka inawononga ndalama za boma pa mahotela apamwamba ndi pa ulendo wa ku Switzerland wokaona bwenzi lake kundende, ndipo Jacob Zuma anaichotsa mu October chaka chomwecho. Mu 2020 nduna ya zachitetezo Nosiviwe Mapisa-Nqakula anadulidwa malipiro a miyezi itatu atanyamula akuluakulu a chipani cha ANC pa ndege ya asilikali kupita ku Harare.

Muone kuti nkhani zitatu zonsezi zinali ndi dzina, tsiku ndi chiwerengero. Lipoti longoti "alawansi za mamiliyoni akutiakuti zilibe umboni" silitchula munthu, ndipo limathera ku komiti ya aphungu kumene mlembi wamkulu, amene mwina wangofika kumene mu undunawo, amalonjeza kukasaka mapepala.

South Africa inayesa kutseka mpata umenewu. Kuyambira 1 April 2019 Auditor-General, mkulu wofufuza mabuku a boma, amene pano ndi Tsakani Maluleke, angathe kulamula kuti ndalama zotayika zibwezedwe, ndipo mkulu wa nthambi akanyozera angapatsidwe chikalata cha ngongole m'dzina lake. Njirayo ndi yayitali, koma mantha olipira m'thumba mwako amasuntha anthu kuposa kudzudzulidwa. Kwathu, mu 2021 malemu Saulos Chilima anapatsidwa ntchito younika alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontilakiti a ntchito m'boma. Lipoti analipereka kwa Pulezidenti, koma boma silinalitulutse kuti anthu aliwerenge, ndipo pamenepo kudandaula kwanu timakumva.

Boma likalengeza kuti layimitsa maulendo, tingadziwe bwanji kuti ndalama zapulumukadi? (Mayi wa ku Cosmo City)

Mayi, musayang'ane chilengezo, yang'anani mizere itatu m'mabuku. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, a Chakwera anayimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mpaka March 2024 ndipo anadula ndi theka mafuta a nduna. Poyesa chilengezo chotere, tengani mabuku a bajeti pa gawo la ORT, lomwe ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, muyerekeze zimene zinavomerezedwa ndi zimene zinagwiritsidwadi ntchito pa maulendo akunja, maulendo a m'dziko momwemo ndi maphunziro a ogwira ntchito. Kawirikawiri mzere umodzi ukatsika wina umakwera, chifukwa ulendo womwewo walembedwa ngati maphunziro, kapena walipidwa ndi pulojekiti ya mabungwe othandiza imene siili m'mzere umenewo. Yang'ananinso February ndi March, pamene maofesi amathamangira kumaliza ndalama chaka chisanatseke.

Pa khonsolo ya Johannesburg muyeso ulipo wolembedwa. Malamulo ochepetsa kuwononga ndalama m'makhonsolo, amene anayamba pa 1 July 2019, amati wogwira ntchito akwere economy class ngati ulendo wa ndege ndi wa maola asanu kapena ochepera, amaletsa kugula mowa ndi ndalama za khonsolo pokhapokha ngati zibwerera pougulitsa, ndipo chakudya cha msonkhano wa ogwira ntchito okhaokha chimafuna chilolezo cholembedwa cha mkulu wa khonsolo. Chaka cha khonsolo chimatha pa 30 June, lipoti la pachaka limaperekedwa ku khonsolo pofika kumapeto kwa January, kenako anthu amapatsidwa nthawi yopereka ndemanga komiti ya makhansala younika chuma, MPAC, isanamalize kuliunika. Ndemanga yanu itchule tsamba ndi mzere wa chiwerengero chimene mukufunsa, ndipo musunge kope lokhala ndi chidindo cha tsiku limene mwapereka.